Chifundo cha 777 Chinatipweteka

Ndimayang'anira makompyuta pa ofesi ina, pomwe tonse timasunga mafayilo pa seva imodzi ya Linux. Kale wina akadandaula kuti foda ikumukana, ndinkangolemba chmod 777, dandaulo n'kuthera pomwepo. Ndinkati ndikuwachitira chifundo anzanga, osakumbuka kuti chifundo chinapha nkhwali.

Pa Linux, zilolezo zimagawidwa patatu: za mwini fayilo, za gulu lake, ndi za ena onse. Kuwerenga ndi 4, kulemba ndi 2, kuyendetsa pulogalamu kapena kulowa mu foda ndi 1. Zonse pamodzi ndi 7, choncho 777 ndi kuuza aliyense kuti achite chimene wafuna.

Fayilo ya malipiro ndinaiteteza ndi 444 kuti wina asaisinthe, ndipo mtima unali m'malo, ngakhale foda yake inali pa 777. Kumapeto kwa mwezi wina, mnyamata wophunzira ntchito anaona kuti seva yadzaza, n'kuyamba kuchotsa zimene ankaziyesa zakale. M'mawa mayi a ku akaunti anaima pakhomo panga manja ali m'chiuno: "Achimwene, malipiro a anthu apita kuti?" Tsikulo anaweruka usiku, akulowetsanso mayina ndi ndalama kuchokera pa mapepala, maso ali psuu. Mnyamata uja analira, koma mlandu sunali wake.

Apa m'pamene ndinadziwa kuti mphamvu yofufuta fayilo siili pa fayiloyo, ili pa foda imene ikuisunga. Amene ali ndi chilolezo cholowa ndi kulemba mu foda atha kuchotsa chilichonse m'katimo, ngakhale chimene sangathe kuchisintha.

Lero dipatimenti iliyonse ili ndi gulu lake. Foda ya akaunti ndinaipereka ku gulu lawo ndi chgrp, n'kuika 2770 kuti mafayilo atsopano azitenga gulu lomwelo, akunja asalowe. Pa foda ya tonse ndinaika sticky bit, monga ilili /tmp yomwe ndi 1777: aliyense amaikamo zake, koma sangafufute za mnzake. Ndisanasinthe kanthu ndimayamba ndaona ndi ls -l, ndipo tsiku lililonse timasunga kope lina kwina.

Anzanga osamalira makompyuta, munthu akati foda ikumukana, mufunseni ntchito imene akufuna kugwira, mumupatse chilolezo chokwanira ntchito yomweyo basi. Musalembe 777 pofuna kuti dandaulo lithe msanga.