Mwajambula ine kapena fodya?

Zigafa zikadzaza, cha mu Malichi, alimi a kuno ku Kasungu amayamba kundiyitana. Ena amafuna chithunzi cha kukalabu, ena choti atumizire mwana amene ali ku Joni, aone kuti ndalama ya feteleza sinathere ku mowa. Tsiku lina ndinapita cha ku Santhe kwa bambo wina wachikulire. Anavala jekete, nakaima m'kati mwa chigafa, fodya wosoka ali lendelende kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Ndinadina batani pang'ono, lenzi inalira kuti zii, kamera nkuti pii, ine nkumaliza kudina. Nditawaonetsa, anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Mwana wanga, mwajambula ine kapena fodya?"

Sananame. Tsamba limene linali pafupi ndi ine linatuluka bwino moti mitsempha yake ukanaiwerenga, koma nkhope yawo inali chimbuuzi chokhachokha.

Ntchitoyi ndinayamba ndi Yashica ya filimu, yopotokola lenzi ndi dzanja. Ukasuzumira, pakati pamakhala kabwalo kodulidwa pawiri. Ukaloza pa mzati umaona mzatiwo ngati wathyoka, chapamwamba chapita uku, chapansi uko, ndiye umapotokola mpaka zidutswazo zilumikizane. Zikalumikizana, fokasi yakwana. Filimu inali ya zithunzi 36, ndipo cholakwa umachidziwa atatsuka kale, ndalama itapita.

Kamera yofokasa yokha imachita zomwezo, kungoti m'malo mwa diso langa muli kasensa. Imikani chala patsogolo panu, mutsinzine diso lamanzere, kenako lamanja. Chalacho chimaoneka ngati chikudumpha. Kamera nayo imatenga kuwala kolowera mbali imodzi ya lenzi ndi kolowera mbali inayo, nkupanga tizithunzi tiwiri. Tikatalikirana, imadziwa kuti magalasi ayenera kusuntha, imadziwanso kuti asunthire kuti ndiponso motani, basi kamota kamakankha kamodzi. Nchifukwa chake njirayi ndi yachangu. Minolta 7000 ya mu 1985 ndiyo inaitchukitsa pa makamera osintha malenzi, ngakhale kuti Konica inali itatulutsa kale kakamera kofokasa kokha mu 1977.

Pali njira ina imene timakamera tating'ono ndi mafoni akale ankadalira. Iyi ili ngati kusaka siteshoni pa wailesi yakale ija: umapotokola, mawu akumveka, upitirira, ayamba kusokosera, ubwerera. Kamera imasuntha magalasi uku ikuyesa ngati malire a poyera ndi pakuda akuonekera kwambiri, ikapitirira imabwerera. Ndiko kusakasaka mumakuona kuja, chithunzi chikuyera nkuchitanso chimbuuzi. Makamera ndi mafoni ambiri a masiku ano amaphatikiza njira ziwirizi. Polaroid inayesaponso ya mleme mu 1978: kamera inkatulutsa kaphokoso kosamveka m'khutu la munthu nkuwerengera nthawi imene katenge kuti kabwerere. Mumdima inkagwira bwino, koma ukajambula uli kuseri kwa windo inkafokasa pa galasi.

Njira ziwiri zoyambazo zimafuna chinthu chimodzi, malire. Mzere, m'mphepete mwa chinthu, pamene kuwala kwakumana ndi mthunzi. Lozani pa khoma lopaka laimu muone mmene lenzi ivutikire. Pa ukwati, diresi loyera la mkwatibwi limaisokoneza chimodzimodzi, ndiye ine ndimaloza pa diso kapena pamene kolala ya mkwati yakumana ndi jekete. Chinkhoswe chikachedwa mpaka mdima, kanyali kofiira ka pakamera kamathandiza pa masitepe ochepa okha.

Tsono chigafa ndiye msampha weniweni. M'kati ndi mwamdima, kunja dzuwa lili phwee, ndipo masamba ndi mazanamazana ofanana, ondandalikana mofanana. Kasensa kaja kakamafananiza tizithunzi take tiwiri kangathe kulumikiza tsamba ili ndi linzake loyandikana nalo, nkuganiza kuti katha ntchito. Komanso ukaisiya kuti isankhe yokha, kamera imakonda chimene chili pafupi ndiponso chowala. Nkhope yakuda, pansi pa chipewa, mumthunzi, singapikisane ndi tsamba lachikasu lowombedwa ndi dzuwa. Zomwezi zinandichitikira ku Lifupa, m'nkhalango ya Kasungu: njovu yonse ija, kamera nkusankha udzu.

Anyamata a mafoni amati zimenezi zinatha, poti makamera atsopano amazindikira nkhope ngakhale diso. Zoona, amathandiza, ine sindingakane. Koma ndinaonapo kabokosi ka fokasi kakusiya mayi amene ndikumujambula nkukakhala pa nkhope yodindidwa pa chitenje cha mnzake.

Ine ndimazimitsa timadontho tonse ta fokasi nkusiya kamodzi ka pakati. Ndimakaika pa diso la munthu, nkudina batani theka, nkugwira pomwepo osachotsa chala, kenako nkusuntha kamera kuti munthu akhale pamene ndikufuna. Apa chofunika nkusagwedezeka chamtsogolo kapena chambuyo, makamaka ukakhala pafupi ndipo lenzi yatseguka kwambiri, chifukwa mpata wa fokasi umachepa moti mphuno itha kutuluka bwino diso nkusowa. Gulu la anthu, monga matenanti atakhala pa mabelo akudikira lole ya ku Chinkhoma, ndimatseka lenzi kufika pa f/8 nkufokasa pa mzere wachiwiri. Zikakanika zonsezi ndimakankha kaswichi kupita pa MF, dzanja ligwire ntchito yake yakale.

Bambo aja ndinawapempha kuti asunthe masitepe atatu, aime pakhomo pa chigafa pamene kuwala kumawagwera chammbali, akankhireko chipewa kumbuyo. Kadontho kanagwira diso nthawi yomweyo. Nkhope inatuluka ndi makwinya ake onse, fodya ali kumbuyo mwachimbuuzi pang'ono.

Ndinkafuna kufufuta choyamba chija, koma anandigwira mkono.

"Ayi, chisiyeni. Munditsukire zonse ziwiri. Ichi cha nkhope ncha amayi akunyumba. Cha tsambachi chipite ku Joni, mwana aone giredi yake."