Selo Likasiya Kupanga Mapuloteni

Ife amene tikuphunzira za umoyo timakonda kuganiza kuti mankhwala amphamvu amapha selo monga nkhwangwa imagwetsera mtengo, mtengowo osachitapo kanthu. Koma maselo amene asayansi amaweta m'timbale ta mu labotale amationetsa kuti nthawi zambiri selo limatengako mbali pa imfa yake.

Pali mankhwala otchedwa cycloheximide, ochokera kwa bakiteriya wa m'dothi, Streptomyces griseus. Amakakamira pa ribosome, pomwe selo limalukira mapuloteni, ndipo ntchitoyo imaima. Tingayembekezere kuti selo lomangidwa manja chonchi lingafe msanga likakumana ndi poizoni wina. Komatu maselo ena akayamba alandira cycloheximide amapirira mankhwala a khansa monga etoposide kuposa anzawo. Mankhwala oterewa amavulaza kwambiri selo limene likukopera DNA yake pokonzekera kugawikana, ndipo selo lopanda mapuloteni atsopano siliyamba ntchitoyo. Chinanso, m'maselo ena njira yodziphera yotchedwa apoptosis, dzina lomwe John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie analemba koyamba mu 1972, imafuna mapuloteni atsopano kuti itheke.

Pali nthawi zina pamene zimatembenuka. Puloteni ya chitetezo cha m'thupi yotchedwa TNF payokha siipha maselo ambiri, chifukwa maselowo amafulumira kupanga mapuloteni odzitchinjiriza nawo, monga c-FLIP. Tikathirako cycloheximide, chishangocho chimatha ndipo maselo amafa m'maola ochepa. Mankhwala omwewo apulumutsa uku, apha uko. Chimene chasintha ndi mnzake amene akumana naye komanso zomwe selo linali kuchita pa nthawiyo.

Cycloheximide saperekedwa kwa odwala chifukwa ndi woopsa kwa munthu, koma phunziro lake limafika m'wodi. Ana odwala khansa ya m'magazi yotchedwa acute lymphoblastic leukaemia amalandira asparaginase, amene amamana maselo a khansa asparagine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni. Asparaginase akatsogola, methotrexate n'kubwera pambuyo pake posachedwa, methotrexate amachepa mphamvu, popeza amapeza maselo ataleka kugawikana. N'chifukwa chake madokotala amalemba bwinobwino kuti ndi ati oyamba, ndi ati otsatira, ndiponso padutse nthawi yotani.

Ena mwa ife posachedwa tidzakhala anamwino, ena tidzagwira ntchito ku famase kapena ku labotale. Lidzafika tsiku lomwe mankhwala ena adzachedwa kufika, mayi wa mwana akudikira pa benchi, ndipo tidzakopeka kuyamba ndi omwe alipo. Pamenepo tiyenera kufunsa kaye amene analemba dongosololo. Timakhulupirira kuti thupi ndi ntchito ya manja a Mlengi, ndipo m'kalasi taona kuti ngakhale selo limodzi lili ndi nthawi zake. Kulemekeza thupilo kukutanthauzanso kusunga tsiku ndi ola lolembedwa pa khadi la wodwala.