Timadontho ta Pamlomo

Kwathu ku Ulongwe, m'boma la Balaka, anthu ankatizindikira ndi milomo. Amayi anali ndi timadontho takuda pamlomo ndi m'kati mwa masaya, ngati munthu wadya mabulosi. Ine ndinatengera. Agogo ankati, “Ameneyu ndiye wathuwathu,” ine n'kumanyada.

Amayi anamwalira ndi matenda a m'mimba asanakwanitse zaka 50. Pamaliro pomwepo zala zinaloza achemwali a agogo, nkhalamba yosabereka, ati ndi mfiti. Ndinali m'gulu la anyamata amene tinagenda nyumba yawo. Anathawira ku Ntaja, m'boma la Machinga, ndipo anafera komweko.

Mu 2019, ndikukhala ku Liwonde, mwana wanga wamkazi wa zaka 8 anayamba kubuula ndi m'mimba, kusanza ndi kuchita chimbudzi cha magazi. Kawiri konse pakachipatala kena anatibweza ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Pomaliza tinatumizidwa ku Blantyre, ku Mercy James, chipatala cha opaleshoni ya ana chimene chinatsegulidwa mu 2017. Anapeza thumbo litalowa m'thumbo linzake ngati sokosi yopindika, litakokedwa ndi kachotupa komera m'kati ngati bowa.

Mwana atatsitsimuka, adokotala anayang'ana milomo yake, kenako yanga. “Bambo, kwanu alipo wina wa timadontho totere?”

Anati nthendayi imatchedwa Peutz-Jeghers, potengera Jan Peutz wa ku Netherlands amene anaifotokoza mu 1921, ndi Harold Jeghers wa ku America amene analembaponso mu 1949. Ndi yakumtundu: kholo limodzi likakhala nayo, mwana aliyense akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake theka ndi theka. Paubwana tizotupa timatseka matumbo ndi kutha magazi. Paukulu chiopsezo ndi khansa, n'chifukwa chake pamafunika kupimitsa kawirikawiri. Ankalankhula mofatsa, koma m'makutu mwanga munkalira miyala yogwa padenga lija.

Ndinakafotokozera atsibweni, eni mbumba, ku Ulongwe. Anandidula ukamwa.

“Ndiye ukuti mfiti anali mayi ako?”

“Iyayi, atsibweni. Ndikuti panalibe mfiti.”

Anakhala chete nthawi yaitali, akuyendetsa lilime m'kati mwa tsaya. Kenako anaitana ana onse a pakhomo, nawandandalika pamkeka, nayamba kuwatembenuza milomo mmodzimmodzi. Atafika pa wachitatu anaima, nandifunsa mtengo wa minibasi ya ku Blantyre.