Mwana Akagonekedwa M'cipatala

Ife a m'midzi timaudziwa ulendo wa ku cipatala. Mwana akatentha thupi usiku, m'mamawa timam'bereka ndi kuyamba ulendo. Ena timapita ku Ulónguè, ena ku Tete, a kunyanja amapita ku Lichinga. Matenda akakula, acipatala amati mwana agonekedwe. Pamenepo mwana amalimbana ndi zinthu ziwiri: matenda ndi mantha.

Mwana amaopa jakisoni. Amaopa kubayidwa pa cala poyeza malungo. Amaopa botolo la madzi lopacikidwa pamwamba pace, ndi singano yomatidwa pa dzanja. Kwao amagona pa mphasa. Kuno bedi ndi lacitsulo, lalitali, ndipo ana anzace amalira usiku wonse. Koposa zonse, amaopa kusiyidwa yekha.

Mantha ena amacokera kumudzi. Pali akulu amene amati: "Ukapanda kutonthola, ndikupereka kwa anamwino akubaye." Mwana saiwala mau otere. Tsiku limene adzaona malaya oyera, adzaganiza kuti cilango cija cafika.

Mantha amacedwetsa kucira. Mwana wamantha amakana phala. Amalavula mankhwala. Amazula singano pa dzanja. Mai wace amagwidwa cisoni, ndipo amai ena amathawa ndi ana ao usiku, mankhwala asanathe. Malungo amabweranso mwamphamvu, cipatala cili kutali. Ana ena tawaika m'manda cifukwa ca ici.

Namwino wabwino timam'dziwa ndi nchito zace. Amapereka moni kwa mai. Amafunsa dzina la mwana ndi kum'chula nalo. Amanjuta kuti nkhope yace ikhale pafupi ndi ya mwana. Amasamba m'manja asanam'gwire. Sanama kuti jakisoni sawawa. Amati: "Ziwawa pang'ono, kenaka zitha. Gwira dzanja la amako." Amalola kuti mwana abayidwe ali pa miyendo ya mai wace. Nthawi ya mankhwala ikakwana amabwera, ngakhale pakati pa usiku. Amauza mai dzina la matenda ndi masiku a kumwa mankhwala.

Anamwino ena amacokera ku zigawo zina za Mozambique. Amalankhula Cipwitikizi, pamene mwana wa kumudzi amamva Cinyanja cokha. Namwino wanzeru amaitana womasulira, ndipo amaphunzira mau owerengeka: "Usaope." "Pakuwawa pati?" "Wacita bwino." Mau ocepa amenewa amatontholetsa mwana.

Tikudziwa kuti anamwino ndi ocepa ndipo odwala ndi ambiri. Namwino mmodzi amayang'anira mabedi ambiri mpaka kuca. Amatopa monga ife timatopera ku munda. Timulemekeze. Koma kutopa si cifukwa cokalipira mwana wodwala kapena kunyoza mai wosadziwa kuwerenga. Tikaona zotere, tikanene kwa akulu a cipatala kapena ku komiti ya zaumoyo ya m'dera lathu.

Tili ndi ufulu wolankhula cifukwa cipatala ndi cathu. Dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Pa 24 Julaye caka comweco, boma linatenga zipatala zonse kuti zitumikire anthu onse. Pulezidenti woyamba, Samora Machel, anali namwino asanalowe nkhondo ya ufulu. Anagwira nchito pa cipatala ca Miguel Bombarda, cimene lero ndi Hospital Central de Maputo. Unamwino ndi nchito yolemekezeka.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Tisaopseze ana ndi jakisoni. Pa njira timuuze mwana zoona: kumene tikupita, ndi zimene akam'cite. Titenge nsalu imene amafunda kwao, kapena kagalimoto kace kawaya. Mai akagona m'cipatala ndi mwana, bambo ndi acibale asamale ana otsala ndi kubweretsa cakudya, kuti mai asafulumire kucoka. Ndipo ife amene tikuphunzira kuwerenga, tiwerenge khadi la mwana. Pamenepo palembedwa tsiku lobwerera.

Tikambirane:

1. Kodi ana a m'mudzi mwathu amaopa ciani ku cipatala?
2. Namwino wabwino timam'dziwa bwanji?
3. Tingathandize bwanji mai amene ali m'cipatala ndi mwana?