Malungo akapita kumutu, kuchira si kutuluka m'chipatala kokha

Amayi anzanga a m'makomboni a kuno ku Thyolo, ndikudziwa kuti mwana akatentha thupi m'mawa, mumaganizanso za tsiku lodulidwa pa tikiti mukapanda kukathyola tiyi. Ine monga namwino, tsiku lodikira limenelo ndi limene ndimaliopa kwambiri.

Malungo akakula, magazi okhala ndi tizilombo amamatirira m'timitsempha ta mu ubongo. Chitetezo cha m'thupi chimalimbana nato, ndipo ubongo umatupa. Koma chigaza sichitanuka. Ubongo ukapanikizika, umafinya gawo loyendetsa kupuma. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 2015, anapeza kuti ana 21 mwa 25 amene anamwalira ndi malungo a mu ubongo anali ndi ubongo wotupa kwambiri.

Opulumuka nawonso timawadera nkhawa. Bala la pakhungu limapola, koma maselo a ubongo akafa sabwerera. Kafukufuku wina wa ku Blantyre komweko, wa mu 2010, anasonyeza kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu opulumuka anatsala ndi vuto monga khunyu, kulumala kapena kusintha khalidwe. Zimandipweteka kuona mwana wotere akukwapulidwa kuti ndi wamwano, kapena akunenedwa kuti analodzedwa.

Kwa akuluakulu, kutupa kwina kumanyeka pang'onopang'ono ngati moto wa mankhusu. HIV ikakhala yopanda mankhwala imalowa mu ubongo, munthu n'kuyamba kuiwalaiwala, kuyenda mochedwa ndi kugwetsa zinthu m'manja. Ma ARV omwedwa mokhulupirika amateteza ku zimenezi. Matenda oiwala a okalamba, monga Alzheimer, nawonso amayendera limodzi ndi kutupa kosatha kwa mu ubongo. Agogo osochera pamudzi pawo pomwe si mfiti, akudwala.

Ndiye ndikupempheni izi. Mwana akatentha thupi, akayezedwe tsiku lomwelo ku kiliniki ya pa esiteti kapena kwa alangizi a zaumoyo, ndipo amalize LA masiku atatu onse. Akayamba kukomoka, kuuma khosi, kugona osadzuka kapena kukana bere, musayambire kwa asing'anga. Thamangirani ku chipatala chapafupi, ku Thyolo boma kapena ku Malamulo, ngakhale usiku. Akachira, muziona mmene akulankhulira, akumvera ndi mmene akukhozera kusukulu. Khunyu ili ndi mankhwala, ndipo sipatsirana.

Usiku uno, neti itsike aliyense asanagone.