Mitengo 36 ya Bambo ndi Thumba la Chitowe

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya feteleza. Musathawe chonde. Ndikudziwa kuti ambiri mumadikira za chikondi ndi za apongozi, koma ine chomwe chinandigonetsa ndi misozi si mwamuna ayi, ndi mitengo.

Ndimagulitsa tomato, anyezi ndi kabichi mumsika muno mu Lilongwe, koma kwathu ndi ku Ntchisi. Malemu bambo anga anabzala mitengo 36 ya makadamiya yomezanitsa mu 2009, pamunda wa amayi poti iwo anali mkamwini. Anthu ankawaseka kuti munthu wanzeru angabzale bwanji chinthu choti adikire zaka 4 kapena 5 asanalaweko. Anamwalira mu 2017, mitengo itangoyamba kubereka zooneka. Achimwene ali kuchikamwini kwawo, ndiye mitengo inagwera ine ndi amayi.

Mu Disembala 2018 ndinati ndiwasonyeze anthu kuti mwana wamkazi naye amatha. Ndinakongola ndalama ku banki m'khonde, n'kugula thumba la chitowe chakale chija ndi lina la yuriya. Ndinali ndi masiku awiri okha, paja tomato sadikira munthu. Ndinatenga khasu, n'kukumba mozungulira tsinde la mtengo uliwonse, n'kukhuthulira feteleza yense nthawi imodzi, n'kukwirira bwinobwino ngati chimanga. Ndinakwera minibasi ndikudzimva kuti ndine mlimi.

Pofika Febuluwale amayi anaimba foni. “Mwana wanga, mitengo ija waichita chiyani?” Nditapita ndinapeza masamba atapsa m'mbali ngati awauka ndi moto, ndipo pamitengo ina masamba anthete anali achikasu. Itatu yaing'ono, yomwe bambo anapakiza mochedwa, inauma. Yomwe inapirira, chaka chotsatira inachita masamba obiriwira okongola zedi, koma mtedza wake wowerengeka. Wogula ataswa pang'ono kuti aone m'kati, wambiri unali wokwinyika. Mtengo womwe ananditchulira sindiunena pano, mungandiseke. Ngongole ndinabweza ndi mpamba wa tomato, moti benchi langa linakhala mwezi wathunthu lili ndi timilu titatu basi.

Apa ndi pomwe achimwene anabwera ndi mawu awo. “Mlongo, tidule zimenezi. Tiotche makala, pamalopo tibzale soya.” Ndisaname, sindinawaone ngati oipa. Amayi amafunika chakudya chaka chilichonse, osati nkhani za mtsogolo. Tinakathera kwa amalume, omwe anagamula kuti andipatse zaka zitatu, zikakanika nkhwangwa ilowe.

Ndiye ndinapita kwa alangizi, mutu uli pansi. Anabwera kumunda, sanandikalipire. Anangogwada pansi pa mtengo, n'kupalasa zinyalala ndi dzanja. Pomwepo, pamwamba penipeni pa nthaka, panali timizu tambirimbiri tosanjikizana ngati kaburashi kotsukira botolo.

“Mayi, mtengo uwu umadyera apa,” anatero. “Inu munadula pakamwa pake ndi khasu, kenako n'kuthira mchere pabalapo.”

Abale inu, ndinafuna nthaka indimeze.

Zomwe anandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zomwe ndikufuna ndikugawireni, makamaka inu amene mwagula mbande chifukwa mwamva kuti muli ndalama. Mtengo umenewu kwawo ndi ku Australia, ndipo timizu tija ndi taluso potola chakudya chotchedwa fosifolasi ngakhale m'nthaka yosauka. Ukauthirira fosifolasi wambiri umalephera kutenga ayironi, n'chifukwa chake masamba anthete amasanduka achikasu. Kenako anandifunsa kuti manambala a pathumba ndimawawerenga? Ine amene ndimawerenga makobidi tsiku lonse ndinali ndisanawayang'anepo. Pathumba panga panalembedwa 23:21:0+4S. Nambala yoyamba ndi nayitrojeni wa masamba, yachiwiri fosifolasi uja, yachitatu potaziyamu. Potaziyamu ndiye amathandiza kuti mtedza ukhwime, udzaze ndi kukhala ndi mafuta. Mwaiona nambala yachitatuyo? Ziro! Ndinakongola ndalama kugula chomwe mtengo sunkafuna kwenikweni, chomwe unkafuna munalibe ndi pang'ono pomwe. Yuriya uja ndiye anangowonjezera masamba. Mtengo unavala suti, m'thumba mulibe kanthu.

Panopa ndimachita chonchi. Khasu silifikanso pansi pa mtengo, udzu timazula ndi manja kapena kumweta. Feteleza sayandikira tsinde. Ndimawaza mozungulira, cha kumene nthambi zathera, pomwe madzi amadonthera mvula ikamagwa, poti timizu tambiri tili kumeneko. Sindithiranso kamodzi. Ndimagawa katatu: mvula ikakhazikika, pakati pa dzinja, ndi chakumapeto nthaka ikadali yonyowa. Kuthira pouma n'kuotcha mizu, kuthira yense pamodzi n'kupatsa mtsinje. Mlingo umatengera msinkhu wa mtengo ndi nthaka yanu, ndiye musandifunse mu inbox kuti zitini zingati. Wa zaka ziwiri sangadye mbale ya wa zaka 15. Funsani alangizi a kwanu, ndipo ngati mungathe kayezetseni dothi. Lathu linapezeka kuti ndi lowawasa, tinathirako laimu. Pogula ndimasankha feteleza woti nambala yachitatu ikhalepo ndithu, yapakati ikhale yochepa.

Palinso tina timene mtengo umafuna pang'ono chabe, monga boroni ndi zinki. Boroni amathandiza kuti maluwa agwire, ndipo ambiri amapopera m'masamba nthawi ya maluwa, yomwe kwathu imagwa m'chilimwe. Ine ndinapoperako chaka chimodzi titasonkherana ndi anzathu a m'kalabu. Pandekha botolo lake sindingalikwanitse.

Koma chomwe chasintha munda wathu kwambiri ndi chinthu chomwe tinkataya. Makoko obiriwira aja timasenda mtedza ukagwa, amayi ankawaunjika kuseri kwa khola, ena n'kuotcha. Chonsecho m'makoko amenewa muli potaziyamu wambiri yemwe mtengo unachotsa m'nthaka. Ife a geni izi timazidziwa bwino: ukagulitsa katundu, phindu ungadye, koma mpamba umabwerera ku oda. Makoko ndiwo mpamba wa mtengo. Tsopano timawasakaniza ndi ndowe za mbuzi, mapesi ndi phulusa la kukhitchini, n'kuwasiya aole kaye, chifukwa aawisi amatentha. Akaola timayala pansi pa mitengo, kusiya kampata kuzungulira tsinde kuti lisaole komanso chiswe chisapeze njira. Mukafukula pansi pa zophimbirazo mu Okutobala, dzuwa lili phwee, mumapeza pali chinyontho ndipo timizu tija tadzaza.

Ndisakunamizeni kuti zonse ndi feteleza. Pali tizilombo tonunkha tija toboola mtedza ukadali wanthete, timawononga ngakhale mtengo wodya bwino. Mitengo ya ogula nayo imakwera n'kutsika osatifunsa. Koma mtedza wathu unasintha. Alangizi anandisonyeza kuswa pang'ono n'kuponya njerezo m'madzi: yokhwima, yamafuta ambiri, imayandama, yosakhwima imamira. Chaka choyamba chija yambiri inapita pansi pa beseni. Chaka chachitatu inayandama pafupifupi yonse, ndipo ndinaitana achimwene kuti adzaone okha. Anayang'ana, anatola imodzi n'kutafuna, n'kufunsa ngati mbande zikupezekabe. Za nkhwangwa sanazitchulenso. Ndalama ya chaka chimenecho ndiyo inalipira fizi ya mwana wanga wa Fomu 1.

Vuto lomwe latsala ndi lina. Chichokereni Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti, thumba la feteleza lakhala ngati chiwongo. Ndimakwanitsa matumba awiri basi: lina la chimanga cha amayi, lina la mitengo 33 yotsalayo. Amayi nkhani imeneyi sanaimvetsebe. Amati, “Iwe, makadamiya amapita ndi ndiwo yanji?” Ndimawafotokozera kuti ndalama ya mtedza ingagule chimanga, iwo amangoti ehe, ndamva.

Loweruka lapitali ndinapita kukathira gawo lachiwiri. Nditanyamula thumba la mitengo, dzanja linandiuza. Zaka 12 ndikukweza madengu, sindifuna sikelo kuti ndidziwe kuti pachoka makilogalamu asanu kapena kuposa. Chingwe chomangira chinalinso china, cha luzi, mfundo yake ya amayi yeniyeni. Ndinasuzumira kudimba kuseri, chimanga chili bii, chosiyana ndi cha anansi onse.

Amayi anali pakhonde akusenda maungu, maso ali pampeni.

“Mwapeza zonse zili bwino m'nyumbamo?” anafunsa, mwaulemu wachilendo.

“Zili bwino, amayi.”

Ndinachepetsako pang'ono pa mtengo uliwonse kuti akwanire, n'kuwonjezera manyowa. Madzulo tinadya nsima ya nkhwani wotendera, ndipo anandiikira mitanda itatu m'malo mwa iwiri.