Malupanga a m'foni

Masiku ano tikamayendera mabanja kuno ku Nkhotakota, dandaulo la makolo si malungo okha ayi. Anyamata ena akuchezera pa foni usiku wonse, m'masewera a pa intaneti momwe munthu amakumba chitsulo, kusula malupanga n'kugulitsa kwa osewera anzake. Ati ndi ntchito.

Komatu chuma chimenechi chili m'manja mwa eni masewerawo. Akangosintha malamulo, chida chomwe chinali chosowa chimayamba kupezeka paliponse, mtengo wake n'kugwa tsiku lomwelo. Mu 2014 kampani ya Blizzard idatseka msika wa m'masewera a Diablo III, momwe anthu ankagulitsana zida ndi ndalama zenizeni. Amene ankaudalira adangogwira njakata.

Ife a kunyanja zoti malamulo amaluma timazidziwa. Boma likatseka nyanja mu Novembala ndi Disembala kuti chambo chiswane, msodzi amavutika ndithu, koma bwato ndi khoka zimakhalabe zake. Mnyamata uja amatsala ndi maso ofiira, ndalama zitathera m'mabandulo, ndipo kukacha timamuona akuwodzera m'kalasi ya Sukulu ya Sabata.